Amayi Piliye, Amene Sanakankhepo Msana wa Mwana

Malemu amene tasonkhanira pano anabadwa pa 9 Malichi 1958, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali oyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo, ndipo abale andisankha kuti ndinene mbiriyi chifukwa ndine amene ndinkatumidwa ndi kukalipiridwa ndi iwo kuposa wina aliyense. Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti Amayi Piliye. Mmene dzinali linabwerera ndifikapo, mundipirire pang'ono.

Anayamba sukulu mu 1965. M'kalasi sanali mbuli, koma mbiri yawo inatchuka chifukwa cha thupi. Pensulo ikagwa kuseri kwa benchi, anzawo ankatembenuka kuti atole, iwo ankangopindikira chagada n'kuitola, kenako n'kupitiriza kulemba ngati palibe chachitika. Mayi athu ankakalipa kuti mwanayu adzathyoka tsiku lina, bambo ankangoseka n'kumati mwana wawo anabadwa wopanda mafupa. Ngati zinali zoona, ndiye kuti mafupa onse amene iwo anasowa anabwera kwa ine, chifukwa mpaka lero nsapato ndimamanga nditakhala pampando.

Mu 1971, atangomaliza pulayimale, kunabwera gulu la zionetsero loyendayenda, lija lokhala ndi tenti yaikulu, oyenda pachingwe ndi opinda thupi. Mphunzitsi wa gululo anawaona akusewera ndi anzawo kunja kwa tenti, ndipo tsiku lomwelo anafika kunyumba kudzawapempha. Makolo anakanakana, koma mwini wake anali atalongedza kale kachikwama. Umu ndi mmene achemwali analowera ntchito yopinda thupi ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Ndiyenera kufotokoza mmene ankaphunzitsira masiku amenewo, chifukwa moyo wonse wa malemu wagona pamenepa. Mwana ankamugoneka chafufumimba, mphunzitsi n'kuika bondo pamsana pake, n'kugwira miyendo n'kumaikokera kumutu. Pena ankachita kumukhalira. Mwana akalira, ankati ndiye kuti zikulowa. Mphunzitsiyo sanali munthu woipa mtima. Nayenso anaphunzitsidwa choncho ndipo njira ina sankaidziwa. Achemwali anapirira, ndipo pofika 1975 anali atakhala maso a gulu lonselo. Chionetsero chawo chachikulu chinali chimene a ntchitoyi amati kukhalira mutu: munthu amagona chifuwa pansi, miyendo n'kudutsa pamwamba mpaka mapazi kutera kutsogolo kwa nkhope, chiuno chitatsamira pamutu. Anthu ankaimirira n'kumaomba m'manja. Ife kunyumba tinkayenda modzitukumula, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa 17 Novembala 1979, ali pakati pa chionetsero cha masana, anapinda monga mwa masiku onse koma analephera kubwerera. Anawanyamula ali chipindire. Madokotala anapeza kuti fupa lina la m'munsi mwa msana linakhala likusweka pang'onopang'ono kwa zaka, chifukwa kupinda konse kunkathera pamalo amodzi omwewo, monga zimachitikira ndi waya ukamamupindapinda. Anagona m'chipatala miyezi yambiri. Anadzukanso n'kuyenda, tithokoze Mulungu, koma kuzionetsero sanabwererenso, ndipo ululu wa msanawo unakhala nawo mpaka tsiku limene atisiya. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi basi.

Mu 1981 anapeza ntchito kwa telala wina amene ankasoka zovala za ovina. Pamwamba pa shopuyo panali chipinda chachitali chokhala ndi magalasi, mmene mayi wina wachikulire ankaphunzitsira ana gule wa baleyi, uja amavina monyang'ama. Achemwali ankakwera kumeneko kukayeza anawo ndi tepi. Ankabwera kunyumba akuseka kuti aona zodabwitsa: ana atagwira chitsulo chokhomedwa kukhoma, akungopinda mawondo n'kuwongoka, kupinda n'kuwongoka, mpaka phunziro kutha, ngati anthu ofuna kukhala pansi koma akukayika ngati mpando ulipo. Kwa munthu amene ankakhalira mutu wake womwe, zimenezo zinali zachibwana.

Tsiku lina mtima wodzionetsera unawagwira. Anaika tepi pansi, n'kugwira phazi lawo ndi dzanja, n'kulikweza mpaka kukhutu, ndi msana wovulala womwewo. Ana anagwira pakamwa. Mayi wa baleyi uja anayamikira, kenako anawapempha mwaulemu kuti achotse dzanjalo, mwendo uime wokha. Atangochotsa, mwendo unagwa, osatha kuima ngakhale pamlingo wa chiuno. Ndiye mayiyo anaitana kamtsikana kena koonda, kameneko n'kukweza mwendo pang'onopang'ono popanda dzanja, kuuimika m'mwamba, n'kuutsitsanso mwakachetechete. Achemwali anandiuza kuti tsiku limenelo anatsika masitepe kuseka konse kutawathera. Anazindikira kuti kufewa kwawo konse kunali kochita kukankhidwa ndi manja a anthu, ndipo mphamvu yodzigwira nayo analibe. Anati akanadziwa zimenezi kale, bwenzi msana wawo uli bwinobwino.

Mawa lake anapita kukapempha malo. Munthu wamkulu, woti anzake anali ndi ana kumbuyo, anaima kumapeto kwa mzere wa tiana atagwira chitsulo. Anaphunzira piliye, kuja kupinda mawondo msana uli njo, bondo likulondola zala za phazi. Anaphunzira tandu, kukwekweretsa phazi pansi mpaka mwendo wonse utawongoka. Anaphunzira releve, kunyamuka n'kuima monyang'ama osagwedezeka. Koposa zonse anaphunzira kuti wovina baleyi asanapindikire kumbuyo amayamba watalika, kukweza chifuwa m'mwamba, kuti kupindako kugawidwe msana wonse m'malo mothera pa fupa limodzi. Mawu achilendowo lilime lawo linkawakana ndipo ana ankaseka, koma iwo analibe nazo ntchito. Wovina baleyi sanakhalepo, ndipo sanafune n'komwe kukhala. Chimene anapitira kumeneko anachipeza.

Pa 4 Ogasiti 1984 anamanga banja ndi alamu athu, amenenso anatisiya, omwe ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo moyang'anizana ndi shopu ya telala ija. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo zinakhala bwino choncho chifukwa m'nyumbamo mawu anali okwanira kale. Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi mu 1986 ndi wamwamuna mu 1989. Wamwamunayo anatengera malume ake. Ndi uyo wakhala apoyo, thupi ngati chitseko. Wamkaziyo ndiye anatengera mayi ake, mwinanso kuwaposa. Akadali wakhanda ankagona phazi lili kukhutu, ndipo dzina loti Mphira linamukakamira mpaka lero.

Mu Januwale 1990 malemu anatsegula sukulu yawo ya opinda thupi m'chipinda chimene kale ankasungiramo matayala. Ine ndine wowotcherera zitsulo, choncho anandigwira kuti ndikhome paipi ya madzi m'mbali mwa khoma, ndipo anandizulitsa kawiri konse ati inali yopendekeka. Magalasi anali a zitseko za makabati akale a zovala. Malamulo awo sanali obisika. Mwana aliyense, kaya ndi wofewa bwanji, ankayambira pachitsulo. Dzanja la mphunzitsi linali lolozera ndi kuchirikiza, osati kukankha. Ndipo ankanena mosapsatira kuti kumene mwana sangadzifikitse yekha n'kubwerako yekha, asapiteko. Ankati kufika si nkhani, ngakhale mbava imalowa m'nyumba, koma luso lili pa kutuluka.

Munthu akafunsa kuti baleyi ikukhudzana bwanji ndi kupinda thupi, sankachulutsa mawu, ankangoitana mwana. Wofuna kupanga mlatho, kuja kupindikira chagada mpaka manja kugunda pansi, ankayamba ndi piliye kuti miyendo inyamule thupi m'malo mongodzigwetsa, ndipo pobwerera mawondo omwewo ndiwo ankamudzutsa. Tandu inali ya mwendo umene uli m'mwamba, kuti usalendewere ngati chovala pachingwe koma ugwire ntchito mpaka kuchala. Releve inkalimbitsa akakolo ndi mimba, kuti woima ndi mwendo umodzi asamadalire mwayi. Mawuwo anawasunga mmene analili chifukwa ndi aafupi. Ankati mwana amene ali chadodolido sangamve ulaliki, koma ukangoti tandu, phazi limawongoka lokha.

Poyamba sizinayende. Makolo ankabweretsa ana kuti aphunzire kudzipinda ngati mpango, n'kudzawapeza patapita miyezi akungonjuta pachitsulo. Ena anachotsa ana awo. Aphunzitsi a magulu ena ankanyoza kuti asandutsa ntchito ya anthu olimba mtima kukhala gule wa ana a mabwana, ndipo ndi iwowo amene anayambitsa dzina loti Amayi Piliye pofuna kuwaseka. Achemwali analitola dzinalo n'kulilemba pachitseko ndi penti. Zaka zitapita anthu anayamba kuona kusiyana. Ophunzira awo ankachedwa kupsa, koma akaima pamaso pa anthu ankapinda ngati akuvina, mapazi osongoka, potera pansi osamveka phokoso. Anzawo a kwina akamasiya ntchito akadali anthete chifukwa cha misana, awa ankapitirirabe. Ena muli pano, mwakula, mwabereka, ndipo mumanyamula ana anu osagwira m'chiuno.

Sindinganame pamaso pa thupi lawo, malemu anali ndi pakamwa. Ukalowetsa mawondo m'kati, ankakufunsa ngati miyendoyo wabwereka kwa bakha. Mwana waulesi ankamuuza kuti chitsulocho si azakhali ake oti aziwatsamira. Ngakhale ine ndemwe, nditabwera kudzakonza chitseko, anandiimika kuti ndichite piliye ana akuona, ati adziwe mmene munthu amathera akanyoza sukulu. Anaseka mpaka misozi tsiku limenelo, ndipo ena mwa osekawo ndikuwaona pano. Koma mwana akangoti penapake pakupweteka, phunziro linkaima pomwepo, ndipo ankamuperekeza okha kwawo kuti akafotokozere makolo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene aliyense pano akuidziwa, ndipo mwini wake wandilola kuti ndiinene. Mayi amene ankateteza misana ya ana a eni ankaopa chinthu chimodzi, kuti angalephere kuteteza msana wa mwana wawo. Pofika 2001 Mphira anali atawapitirira anzake onse. Kukhalira mutu kunkangomutsalira pang'ono, moti munthu akamukankhira mapazi ndi chala chimodzi ankafika. Koma kubwerako yekha sankatha, choncho mayi ake anamuletsa. Anzake amene anali kumbuyo kwake ankaonetsa zikuluzikulu m'magulu ena, iye ali pachitsulo ndi tandu. M'nyumba munayamba kutentha.

Mu Epulo 2003 mwini gulu lina lalikulu anamuona, n'kumulonjeza maulendo ndi dzina pa zikwangwani. Mayi anakana. Mwana anayankha mawu olasa, akuti mayi akewo akumuchitira nsanje chifukwa wawo msana unathyoka, ndipo akufuna kuti akalambe atagwira paipi ya madzi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pamsinkhu umenewo pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Bambo ake anayesa kulowererapo, koma mitu iwiri youma inali itakumana. Anachoka. Achemwali sanalire pamaso pa anthu, ndipo mawa lake anatsegula sukulu pa nthawi yake. Koma ife a m'nyumba tinkaona mbale zikubwerera kukhitchini zosakhudzidwa.

Mphira anatchukadi. Tsiku lina ndinabwera ndi chithunzi chake chachikulu, atakhalira mutu, atavala zonyezimira, ine ndikuganiza kuti ndiwasangalatsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuloza ndi chala m'munsi mwa msana, pamene panali mpindiko wakuthwa. Anangoti mwanayu akupindira pamalo amodzi. Chithunzicho sanachipachike, komanso sanachitaye. Mu 2009 alamu athu anatisiya. Mphira anabwera, analira bambo ake, n'kubwerera osaponda m'sukulu muja.

Pa 2 Okutobala 2011 chimene ankachiopa chija chinachitika. Mphira anavulala pokonzekera chionetsero, munthu akumukankha mapazi, ndipo anamuchita opaleshoni ya msana. Malemu anatseka sukulu, koyamba chitsegulireni, n'kupita kukamudwazika. Anamusambitsa, anamutembenuza, anamudyetsa, ndipo mawu oti paja ndinkanena sanatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi, munthu wa pakamwa ngati iwo. Mphira wandiuza kuti kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa kukalipiridwa. Atachira ankayenda motsimphina, ndipo manyazi anamuletsa kubwera kwawo. Anakhazikika kutali, n'kupeza ntchito m'sitolo ya nsalu, n'kukwatiwa komweko. Kwa zaka zambiri mayi ndi mwana ankalankhulana pafoni za mvula ndi za chimfine cha adzukulu, nkhani yeniyeni akuilambalala.

Mu 2023 achemwali anayamba kuonda ndi kudandaula m'mimba. Mu Novembala madokotala anapeza chotupa, ndipo ananena momveka kuti agonekedwe msanga achitidwe opaleshoni. Iwo anakana. Pasukulu panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kofewa ngati mmene analili Mphira. Bambo ake anali pachangu, ndipo wokonza zionetsero wina anali atayamba kale kuzungulira pakhomo. Malemu ankadziwa kuti akangotseka chitseko, mwanayo akagwera m'manja okankha, ndipo panalibe woti amusiyire sukulu amene akanatha kukaniza munthu wamkulu akumuyang'ana m'maso. Tinawachonderera, mwana wawo wamwamuna mpaka anagwada. Anatiyankha kuti analephera kale kamodzi, kachiwiri ayi. Ndinapsa nawo mtima, ndipo kunena zoona mpaka pano mtimawo sunatsike bwinobwino.

Mu Januwale 2024 ndinamuimbira foni Mphira monga malume ake, n'kumuuza zonse osabisa. Anafika sabata yomweyo. Tinkayembekezera misozi ndi kupepesana, koma amene mumawadziwa malemu mukudziwa kuti zimenezo sizinali zawo. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti avule nsapato. Mphira, mayi wa ana awiri tsopano, wotsimphina, anaima pamzere wa ana n'kugwira chitsulo chimene anachinyoza chija. Anayambiranso pa piliye. Miyezi ikupita kutsimphina kunachepa, ndipo anayamba kuthandiza kuwongola mapazi a ana, mayi ake atakhala pampando pakona, bulangete pamiyendo, maso okha akugwira ntchito. Tikawafunsa za chipatala ankangoti nthawi sinakwane. Sukulu sanamupatse, ndipo iyenso sanaipemphe.

Loweruka pa 15 Juni 2024 m'mawa, ine ndili pamakwerero m'sukulu momwemo ndikumanga fani kudenga, bambo a kamtsikana kaja analowa ndi wokonza zionetsero uja. Anapita molunjika kwa malemu n'kufotokoza kuti kukubwera chionetsero chachikulu, ndipo mwanayo akufunika akakhalire mutu, changotsala n'kumuthandiza pang'ono. Achemwali anangotembenuza nkhope dala n'kuyang'ana pawindo. Alendowo anatembenukira kwa Mphira, poganiza kuti munthu amene anatchuka ndi chionetsero chomwechi awamvetsa. Iye anauza mwanayo kuti agone pamatiresi, atalike kaye, kenako apite mpaka pamene angathe yekha. Mwana anapita bwino, mapazi n'kuima m'malere, patatsala pang'ono kuti atere. Wokonza zionetsero uja anatambasula dzanja kuti awatsitse. Dzanjalo silinafike, chifukwa Mphira analigwira pamkono.

Anauza mwanayo kuti abwerere yekha, ndipo anabwerera movutikira. Kenako Mphira anatembenuka, n'kukweza bulauzi yake kumbuyo, kuonetsa bambo aja chipsera cha opaleshoni, n'kuwauza kuti kuthandiza pang'onoko kumathera pamenepo. Anati mwanayu adzakhalira mutu tsiku limene adzathe kubwerako yekha akumwetulira, kaya ndi chaka chamawa kaya chinacho, ndipo wofuna kumukankha ayambe wathana ndi iye. Wokonza zionetsero anatuluka akung'ung'udza. Bambo a mwana anatsala, n'kufunsa kuti Lolemba phunziro liyamba nthawi yanji. Ali pano bambowo, ndipo ndi mmodzi mwa amene anyamula bokosi.

Ana atabalalika, achemwali anandikodola. Anandiuza kuti nditsike pamakwereropo, ndikatenge galimoto, ndiwaperekeze kuchipatala. Chikwama chinali cholongedzeratu, chili pansi pa bedi kuyambira Novembala. Makiyi a sukulu anamusiyira Mphira pampando paja. Madokotala anachita zonse zimene akanatha, koma chotupa chinali chitafalikira. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, akudzudzulabe anamwino kuti amanyamula odwala ndi msana m'malo mopinda mawondo. Anatisiya mwamtendere Lachitatu pa 14 Ogasiti 2024 masana, mwana wawo wamkazi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi.

Malemu asiya ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, adzukulu asanu, mng'ono wawo mmodzi, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso ophunzira oti sindingathe kuwawerenga, ena mwa iwo ndi aphunzitsi tsopano. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira wodwala wosamva ameneyu n'kumusamalira ngati mayi awo. Ndikuthokoza anansi, a mpingo, ndi ophunzira akale amene ankasinthana kuchipatala kuti ana apumeko. Ndikuthokozanso makolo nonse amene munapirira kuona ana anu akunjuta pachitsulo osawachotsa, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzakhale nafe lero. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Ndisanakhale pansi, ndili ndi uthenga umene ndinatumidwa. Mphira, ndakumva ukulira kuti ukanabwera msanga bwenzi amayi ako atapita kuchipatala nthawi ikadalipo. Ine malume ako ndikuti mawu amenewo athere pano, ndipo wina aliyense asadzawabwereze. Kuchedwako anasankha okha, akudziwa mathero ake. M'masiku awo omaliza, iwe utatuluka kukatenga madzi, anandiitana pafupi n'kundiuza kuti ndidzakuuze izi pamaso pa anthu, chifukwa pakamwa pawo sipanazolowere zoterezi. Anati m'moyo mwawo anaomberedwa m'manja ndi anthu odzaza tenti, anatulutsa ophunzira abwino, koma chinthu chokongola koposa chimene anachionapo m'chipinda chija ndi dzanja lako litagwira mkono wa munthu uja. Anati usadzavutike ndi kupepesa, chifukwa tsiku limene unachoka lija iwo anali atakukhululukira usanafike n'komwe pachipata.

Achemwali, uthenga wanu ndapereka. Ana a eni ali chilili, ndipo wanu wabwerera kwawo. Yendani bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.